Galasi la Mwaye ndi Maso a Mwana Wanga

Anthu akamandiona ndikupendeketsa mutu polankhula nawo amaganiza kuti ndi matama, ena amati ndili ndi vuto la khosi, ndipo ine ndimangowasiya, koma lero ndati ndikuuzeni chimene chinachitika. Musaganize kuti ndi nkhani yopeka ayi, chifukwa umboni wake ndimayenda nawo m'diso langa lakumanja, ndipo ngakhale pano pamene ndikulemba uli pakati penipeni pa pepalali. Papita zaka zoposa makumi awiri, koma palibe chimene ndaiwala.

Ine ndinabadwira konkuno ku Bulawayo, ku Njube, m'nyumba imene bambo anga anapatsidwa akugwira ntchito kunjanji. Iwowo anachoka ku Nyasalande ali mnyamata, sanabwerereko mpaka tinawaika m'manda ku Luveve, ndipo ine kumudziko sindinapondeko n'kamodzi komwe. Zonse zimene ndimadziwa za kwathu ndi zimene ankatiuza iwo. Kusukulu anzathu ankatiseka kuti ndife maNyasa, anthu opanda kumudzi, ndiye ndinakula ndi kabala kena mumtima, moti munthu akangonyoza chinthu chimene bambo anga ankachita, ine moto buu. Ndivomereze pano, ndine munthu wamtima wapachala komanso wamakani, ndipo oyandikana nane akawerenga izi agwedeza mutu kuti lero wanena zoona.

Nthawi imeneyo n'kuti fakitale ya zovala ku Belmont itatichotsa ntchito, ndiye ndinkasoka pakhonde mayunifolomu a sukulu ndi a amayi akutchalitchi. Amuna anga anali ku Joni. Pakhomo tinalipo awiri, ine ndi mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anandipatsa, wazaka zisanu ndi zinayi. Anali mwana wofatsa, woti Chichewa amamva chonse koma ukamufunsa amayankha m'Chindebele, ndipo ndinamulera mwamphamvu ndithu, kuti mawu a mayi sabwerezedwa kawiri.

Ndiye pa wailesi anayamba kulengeza kuti kubwera kadamsana, kuti m'mawa wa tsiku lakutilakuti mwezi udzadutsa pakati pa ife ndi dzuwa n'kuliphimba pafupifupi lonse. Ine ndinasangalala ngati mwana, chifukwa bambo anga ankakonda kutisimbira za kadamsana amene anamuona kwawo ali aang'ono, kuti mphunzitsi wa ku mishoni anatenga galasi, n'kuliika pamwamba pa kandulo mpaka litada ndi mwaye, ndipo anaonerapo dzuwa likudyedwa. Nkhaniyo ankaikamba mobwerezabwereza mpaka tinkachita kuwamalizira. Mumtima ndinati basi, chimene anaona bambo anga nanenso ndichiona, ndipo mwana wanga achiona mwanjira yomweyo.

Litatsala tsiku limodzi, mwana uja anabwera kusukulu n'kundiuza kuti aphunzitsi awo awachenjeza kuti asayerekeze kuyang'ana dzuwa, kaya ndi magalasi akuda, kaya m'beseni la madzi, kaya ndi galasi la mwaye, koma aboole kabowo pakatoni n'kumayang'ana chithunzi chake pansi. Mpaka pamenepo ndinkangomvetsera uku ndikusoka. Koma anawonjeza mawu amodzi, akuti aphunzitsiwo anati za mwayezo ndi za anthu akale osadziwa zinthu. Mukudziwa mmene ndinamvera? Zinali ngati wandibwezera pabwalo la sukulu paja, anzanga akundiseka. Ndinaimitsa makina n'kumufunsa ngati agogo ake anali osadziwa zinthu, ngati anamwalira ali akhungu, ngati aphunzitsi akewo ndi amene amamudyetsa. Iye anangoweramitsa mutu.

M'mawa mwake ndinatenga chidutswa cha galasi la pawindo la kukhitchini limene linasweka kalekale, n'kuliika pakandulo mpaka lada bii. Mwanayo tsiku limenelo ankalowa masana, paja sukulu zathu kuno ana amachita kusinthana chifukwa chochuluka. Kumwamba kunali timitambo topyapyala ta kumayambiriro kwa mvula. Anthu anali atatuluka m'misewu, ena atavala timagalasi tapepala timene ankagulitsa m'tauni, ine n'kumawaseka kuti apusitsidwa ndi amalonda.

Zimene ndinaona sindingazinyoze, zinali zokongola. Dzuwa linayamba kulumika m'mbali pang'onopang'ono, kuwala kunasanduka kwachilendo, osati kwa madzulo, osati kwa mvula, koma kotuwa ngati nsalu yosuluka. Kunayamba kuzizira, mbalame zinati zii, nkhuku za mayi woyandikana nane, amene timangoitanana kuti makhelwane, zinayamba kulondola kukhola. Ndinayang'ana ndi diso lakumanja nthawi yaitali, ndikatopa n'kusinthira kumanzere pang'ono, kenako kubwerera kumanja. Silinkathobwa m'maso, silinkapweteka, ndiye ndikanaopa chiyani? Litatsala kachidutswa kowonda ngati chikhadabo, ndinakumbukira bambo anga mpaka misozi inalengeza.

Nditacheuka ndinapeza mwana wanga atanjuta pansi pa mtengo wa mapichesi, akuyang'ana dothi. Paliponse pamene kuwala kunkadutsa m'masamba panali timiyezi ting'onoting'ono mbwee, ndipo iye ankatigwira ndi chala. Ndinapsa mtima kuti chinthu chenicheni chili kumwamba, iye akutaya nthawi ndi zithunzi zapansi chifukwa cha aphunzitsi. Ndinamuitana, anazengereza, ndinamuitananso ndi mawu aja amene ankawadziwa. Atabwera ndinaima kumbuyo kwake, dzanja limodzi ndinamugwira chibwano n'kumukweza nkhope, linalo ndinamuika galasi lija pamaso. Ndinamufunsa ngati akuona.

"Yebo mama, ngiyabona," anatero ndi timawu tapansi, kuvomera kuti akuona.

Sindinamusiye msanga. Ndinamugwira choncho nthawi yaitali ndithu, ndikumuuza kuti aonetsetse, adzasimbire ana ake kuti anaona zimene anaona agogo ake. Atafuna kuchoka ndinamubweza kachiwiri, kenako kachitatu. Kunja kutayambanso kuwala ndinamusiya, iye anakasamba, anavala yunifolomu n'kupita kusukulu, ine mtima uli mbee kuti ndaphunzitsa mwana zakwathu.

Cha m'ma 2 koloko masana ulusi unaduka pamakina. Nditati ndilowetse wina, bowo la singano silinkaoneka. Pamalo pake panali kachinthu kotuwa, kozungulira. Ndinati ndi mwaye walowa m'diso, ndinasukusula, ndinabwerera, kachinthu kaja kali pompo. Ndikayang'ana kukhoma kali kukhoma, ndikayang'ana dzanja langa kali padzanja, ndikatsinzina kakuoneka mumdimamo. Mzere wa msoko umene ndinkadziwa kuti ndi wowongoka unkaoneka wopindika pakati. Makhelwane atabwera kudzabwereka lumo, ndinamuyang'ana kumaso, ndipo ndinaona duku lake, makutu ake, chibwano chake, koma pakati pa nkhope panalibe munthu. Ndinangomupatsa lumolo.

Atangotuluka pageti m'pamene zinandifikira. Ngati ine wamkulu zanditere, nanga mwana amene ndinamugwira chibwano katatu konse? Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo. Za maso anga ndinaiwala. Chimene chinali m'mutu mwanga chinali chimodzi, kuti mwana wanga ali m'kalasi akuyang'ana bolodi limene sakuliona, ndipo amene wamuchititsa khungu si mfiti, si matenda, koma mayi ake enieni ndi manja awo.

Atabwera madzulo ndinamuyang'anitsitsa, mutu nditaupendeketsa kuti ndimuone ndi m'mbali mwa diso. Sankafuna kundiyang'ana, ndipo maso ake anali ofiira. Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangomufunsa mwachindunji? Manyazi, abale anga, manyazi ndi mantha. Ndinkaopa yankho. M'malo mwake ndinayamba kumuyesa mozemba. Ndinamupatsa singano kuti andilowetsere ulusi, manja ake ankanjenjemera, analephera kanayi. Ndinamuuza kuti andiwerengere kalata ya bambo ake, anawerenga mododoma, mawu akumveka ngati akufuna kulira. Nditamufunsa kuti dzuwa lija linkaoneka bwanji, anangoti linali labwino, n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Chilichonse chimene ankachita chinkanditsimikizira zimene ndinkaopa. Masiku awiri anatha tikuzembana choncho m'nyumba ya zipinda ziwiri, chakudya osalowa, makina ataphimbidwa.

Tsiku lachitatu ndinamuveka n'kukwera naye kombi kupita kuchipatala cha maso, osamuuza chifukwa. Njira yonse anali atandigwira siketi. Pamzere tinapeza anthu ena angapo a vuto ngati langa, wina anayang'ana kudzera m'filimu yakale ya kamera, wina anangodalira mitambo ija.

Dokotala anali mayi wachikulire wolankhula mosathamanga, Chindebele chosakaniza ndi Chingerezi. Ndinamupempha kuti ayambe mwana, koma iye anati ayamba amene akudandaula. Anandithira mankhwala m'maso, anaunika, kenako anapumira m'mwamba. Anandifotokozera kuti kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kamene kamalandira kuwala, ndipo kameneko sikamva kupweteka, kamapsa mwakachetechete ngati nsalu imene waiwalapo simbi. Anati masiku onse dzuwa limatithobwa n'kutikakamiza kuphethira, ndipo kumeneko ndiko kutetezeka kwathu, koma mwaye umachotsa kuthobwako n'kusiya ukali wake ukudutsa, komanso umapangitsa diso kutseguka kwambiri poganiza kuti kwada. Kachidutswa kowonda kaja kamene ndinkakasirira, anati n'koopsa chimodzimodzi ndi dzuwa lathunthu. Diso lakumanzere anati mwina lichira pakapita miyezi, koma lakumanja sanafune kundinamiza.

Pamenepo ndinaulula zonse, kuti mwanayu ndinamugwira ndekha, katatu, nthawi yaitali. Dokotala sanandikalipire, anangondiyang'ana, ndipo kuyang'anako kunandipweteka kuposa kukalipa. Anamukhazika pampando, anamuunika diso lina, linanso, anamuwerengetsa zilembo zapakhoma mpaka ting'onoting'ono tapansi penipeni, ine mtima uli m'mwamba, pemphero lili pakamwa. Kenako anazimitsa katochi kake n'kunena kuti maso a mwanayu alibe banga ngakhale limodzi, ndipo sakumvetsa kuti zatheka bwanji. Anawerama n'kumufunsa mofatsa kuti dzuwalo analiyang'ana nthawi yaitali bwanji.

Mwana wanga anandiyang'ana, kenako anaphulika kulira. Ndipo tsiku limenelo, mwina pofuna kundifewetsa mtima, analankhula Chichewa chake chothyokathyoka.

"Amama pepani, musandimenye. Ine sindinaone. Ndinatsinzina maso onse."

Katatu konse kaja anali atatsinzina. Poti ndinaima kumbuyo kwake, sindikanadziwa. Maso ofiira aja anali a kulira kusukulu chifukwa chonamiza mayi ake, kunjenjemera kuja kunali kuopa kuti ndatulukira n'chifukwa chake ndikumuyesa, ndipo m'kombi muja ankaganiza kuti ndikupita naye kwa dokotala kuti makina akamugwire bodza. Ine ndinkafa ndi mantha kuti ndamuchititsa khungu, iye ankafa ndi mantha a ine. Ndinagwada pasimenti pomwepo, pamaso pa dokotala ndi anamwino, n'kumukumbatira, ndipo ndinalira mokweza moti a pamzere anaganiza kuti tauzidwa zoipa.

Diso lakumanzere linachiradi patapita miyezi. Lakumanja linatsala ndi banga lake mpaka lero. Bambo anga sindiwaimba mlandu, iwo anatiuza zimene anaona, ndipo ndikukhulupirira kuti anangosuzumira pang'ono n'kupatsira anzawo, paja galasi linali limodzi ana ali ambiri. Wolakwa ndinali ine, amene ndinasandutsa nkhani yawo chikwapu. Panopa ndimakhulupirira kuti kadamsana alibe tsoka lililonse, ndi mwezi chabe ukudutsa njira yake imene Mlengi anauikira, ndipo akatswiri amadziwiratu tsiku ndi ola lake zaka zisanafike. Tsoka linali m'makani anga.

Ndiye mukadzamva pa wailesi kapena pafoni kuti kukubwera kadamsana, chonde musadzayang'ane kumwamba ndi galasi la mwaye, magalasi akuda wamba, kapena podalira mitambo, ngakhale m'maso musakupweteka. Ngati mulibe magalasi opangidwira zimenezo, khalani pansi pa mtengo muone timiyezi tapadothi, n'tokongola mokwanira. Ndipo inu makolo anzanga, mwana akakuuzani chimene waphunzira, mumvetsereni kaye musanapse mtima, ngakhale atanena m'chilankhulo chimene si chakwanu.

Mwana uja pano ndi mayi wa ana awiri, amakhala ku Luveve. Akabwera Loweruka amatenga singano zanga zosokera pamanja, amalowetsa ulusi m'singano khumi n'kuzibaya pakansalu kuti zindikwanire sabata yonse, uku akundiseka kuti gogo, pendeketsani mutu mundione bwino. Ine ndinamulera kuti azindimvera pa chilichonse. Koma nthawi zonse akamalowetsa ulusiwo kamodzi n'kamodzi, osaphonya, ndimathokoza Mulungu chifukwa cha tsiku limodzi lija limene sanandimvere.