Mphunzitsi amene zala zake zinapita kumanda

Ngati mukuganiza kuti munachitapo manyazi, imvani za a Whiteson Soko.

Linali tsiku lotentha, m'holo ya yunivesite ina yaing'ono kunja kwa tauni ya Chipata. Aphunzitsi onse analimo, ndi alendo ochokera ku Lusaka amene anakhala kutsogolo n'kumadzikupiza ndi mapepala. A Soko anali atavala suti yakuda, yomwe anavala poika akazi awo mwezi wapitawo.

Sukuluyi kale inali koleji ya aphunzitsi. Itasanduka yunivesite, chikwangwani cha pageti chinakula, maina a maudindo anatalika, mpaka mlonda anayamba kutchedwa ofisala. Kenako kunabwera lamulo loti maphunziro ambiri azichitikira pa intaneti, chifukwa ophunzira ochuluka tsopano anali aphunzitsi a m'midzi amene sakanatha kusiya makalasi awo kudzakhala m'tauni.

Akuluakulu onse anang'ung'udza, kupatula a Soko. Manotsi awo a mbiri yakale ankafika pa intaneti nthawi yake, ndipo wophunzira akafunsa kanthu ankayankhidwa dzuwa lisanalowe. Yunivesite inawapatsa satifiketi. Anaipachika mu ofesi pamalo poti aliyense wolowa aiwerenge asanapereke moni.

N'chifukwa chake tsiku limenelo Dokotala Stanley Mvula, mkulu wa gawo lawo, anaimirira monyadira n'kunena kuti, "Abambo Soko, bwerani muwaonetse anyamatawa mmene akuluakulu amachitira."

Anawaikira laputopu patebulo. Zonse zimene zinali pa laputopupo zinkaonekanso pakhoma, zikuluzikulu. Makinawo anafunsa pasiwedi.

A Soko anavula magalasi, anawapukuta, anawavala. Anadina batani lina, khoma lonse linada.

"Ingolembani pasiwedi yanu, abambo," Dokotala Mvula ananong'ona atayatsanso.

"Ndilibe."

"Mwaiwala?"

"Sindinaidziwepo. Ankaidziwa ndi amayi akunyumba."

Sanadziwe kuti chokuzira mawu chinali chotsegula. Holo yonse inamva. Palibe anaseka, ndipo zimenezo n'zimene zinawapweteka kwambiri.

Nkhani yake inali iyi. A Soko anali mwana wa mphunzitsi wa mishoni ku Tamanda, kumene anakula akudziwa kuti wophunzira kwambiri amalankhula, ena amalemba. Akazi awo, amayi Lenia, anagwira ntchito yotaipa ku boma kwa zaka zambiri. Ndiye kunyumba kwawo ntchito inkayenda motere: abambo ankayendayenda pabalaza manja kumbuyo, akuyitanira mawu mpaka malo opumira, amayi ali patebulo akulemba. Makina otaipira atatha ntchito, amayi anasamukira pa laputopu ngati munthu wosintha mpando m'tchalitchi. Abambo sanasinthe chilichonse. Anapitiriza kuyendayenda, ndipo analandira satifiketi.

M'mawa mwake Dokotala Mvula anawaitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Abambo, ine munandiphunzitsa ndinu. Sindikufuna kuti dzanja lokuchotsani likhale langa. Koma kuchokera pa maliro paja ophunzira anu alibe manotsi, alibe mayankho. Makalasi anu ndawapereka kwa ena."

"Onse?"

"Onse. Mvula ikamayamba komiti idzakuonererani mukuphunzitsa pa intaneti, nokha. Mukatha, tidzakambirana. Mukalephera, ndiye kupuma pantchito."

Pofuna kuwasungira ulemu, anawapatsa udindo watsopano wa mlangizi wamkulu wa zakale za sukulu. Ofesi yake inali chipinda chosungiramo mipando yothyoka. Kunena zoona, zakale zinalimodi.

Chimene a Soko ankaopa si njala. Ankaopa kudzuka m'mawa opanda kalasi yowadikira. Chiyambire unyamata wawo sanakhalepo china chilichonse koma mphunzitsi, ndipo kunyumba kunalibenso wina woti n'kumuphunzitsa. Masana ena anafika pakhomo, anavula jekete, anaika manja kumbuyo n'kuyamba kuti, "Lembani kuti..." Anafika pawindo asanakumbuke. Mpando wa amayi unali pamalo pake, nsalu yawo ya Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi ikadali yopinda pamsana pake. Anaima pamenepo mpaka miyendo inawawa.

Loweruka lina kunabwera mlendo pa njinga yonyamula anthu. Anali amayi Getrude Miti, wophunzira wawo, amene ankaphunzitsa pa pulayimale ina pafupi ndi malire a Mwami. Anabwera ndi mtedza m'kathumba kudzapepesa maliro. Anagwada pakhonde, anapepesa monga mwa mwambo, kenako anati:

"Ndinkafunanso kuthokoza, abambo. Chaka chatha mwana wanga atagonekedwa m'chipatala ndinatsala pang'ono kusiya sukulu. Koma inu munandilembera kuti ndisamale mwana kaye, ntchito idikira. Mpaka munafunsa dzina lake."

A Soko analikumbuka bwino tsiku limenelo. Anali ataima pafupi ndi kabati, ndipo mawu amene anayitanira anali akuti, "Muuzeni kuti yunivesite si chipatala. Akachedwa, ziro." Amayi Lenia anangoti, "Chabwino, abambo," n'kuyamba kulemba. Analemba nthawi yaitali. Abambo anadabwa pang'ono kuti mawu ochepa chotero akudya nthawi yonseyo bwanji, koma sanafunse, poti za makina sizinali zawo.

"Mawu amenewo sanali anga, mwananga," anatero pang'onopang'ono. "Anga anali ena."

Amayi Getrude anayang'ana pansi.

"Tinkadabwa ndithu, abambo. M'kalasi mkango, pa foni m'busa. Ena ankati mwina mumalemba mutangochoka ku mapemphero."

"Mwanayo ali bwanji?"

"Luka? Akuthamanga. Nsapato sizikhalitsa."

Mlendo atapita, a Soko anakhala pakhonde ndi kathumba ka mtedza pamwendo, n'kulira kulira kumene sanalire pamanda. Pamanda paja anali otanganidwa kuona ngati akuluakulu a yunivesite apatsidwa mipando yoyenera. Tsopano anadziwa kuti m'bokosi muja simunapite zala zokha. Munapitanso munthu amene ophunzira awo ankamukonda, yemwe ankadziwika ndi dzina la a Soko.

Lolemba anapita kwa amayi Maureen Daka, amene ankaphunzitsa kompyuta. Anagogoda, chinthu chimene sanazolowere pa ofesi ya munthu wocheperapo.

"Kalasi ya aphunzitsi ili patali kale, abambo," anatero amayi Daka. "Yoyambira pansi ndi ya madalaivala, ophika ndi alonda. Imakumana masana."

"Palibe ina?"

"Palibe."

"Ndilembeni."

Anawakhazika pakati pa mayi wophika ndi a Howard, dalaivala wa basi ya sukulu, munthu amene kwa zaka zambiri a Soko ankamupatsa moni ndi chibwano chokha. Tsiku loyamba linatha akulimbana ndi kambewa ka kompyuta kamene kankathawira m'ngodya. Polemba ankagwiritsa chala chimodzi, akuchikweza m'mwamba n'kuchigwetsa.

"Abambo, batanilo silinakulakwireni," anatero a Howard. "Mukulimenya ngati lalowa m'kalasi mochedwa."

Kalasi yonse inaseka. A Soko anatembenuka ndi diso lija limene kale linkaumitsa holo yathunthu. Diso silinagwire ntchito. Anabwerera ku batani lawo.

Zinthu sizinayende msanga. Zimene aphunzira Lachiwiri, Lachinayi zinali zitauluka. Ophunzira akale akamadutsa pawindo ankachepetsa liwiro kuti aone bwino. Anzawo ena, amene satifiketi ija inawawawa, tsopano ankawapatsa moni wachifundo kwambiri moti bola kutukwanidwa.

Tsiku lina analemba okha phunziro lathunthu, kuyambira m'mawa osadya. Atatsala pang'ono kumaliza, magetsi anazima. Atayaka, panalibe ngakhale liwu limodzi. Anali asanasunge.

Anaimirira, anatenga chipewa.

"Amayi Daka, zikomo. Ine ndikupita kumudzi. Kumeneko khasu silifunsa pasiwedi."

"Pitani bwino, abambo," anatero a Howard osakweza mutu. "Koma kumudzi nakonso za feteleza zimabwera pa foni masiku ano. Mukakapeza wokuwerengerani, mumupatse moni."

A Soko anafika mpaka pakhomo. Kenako anabweza chipewa pa msomali, anakhala pansi, n'kufunsa mayi wophika uja kuti awaonetse posungira. Anati "chonde." Mayiyo anawayang'ana kawiri.

Atadziwa pang'ono makina, anachita chinthu china chimene palibe anawauza. Anayamba kuimbira foni ophunzira awo akale mmodzimmodzi, kuwafunsa kuti amaphunzira bwanji. Ena ankadula foni poganiza kuti ndi akuba, poti a Soko enieni sakanafunsa funso lotero. Amene anayankha anawauza zambiri. Wina wa ku Chadiza ankakwera pachulu kuti apeze netiweki. Wina wa kumalire anati foni yake imalumphira ku netiweki ya ku Malawi n'kumudyera mayunitsi onse phunziro lisanafike pakati. Ambiri ankazimitsa kamera osati chifukwa cha mwano, koma kuti bandulo ifike kumapeto a mwezi.

Kwa moyo wawo wonse a Soko ankakhoma chitseko cha kalasi belu likangolira, ndipo ankakhulupirira kuti wochedwa aliyense ndi waulesi. Tsopano anayamba kuona mitunda imene anthu aja ankayenda asanafike pa chitseko chokhomacho.

Anapempha amayi Daka kuti awaphunzitse kujambula mawu, timaphunziro tifupitifupi toti munthu atsitse pa foni n'kumvetsera kwawo. Atadzimvetsera koyamba anakwinya nkhope.

"Ndani akukalipayu?"

"Ndinu, abambo."

"Ndimamveka chonchi nthawi zonse?"

"Lero mwafatsako."

Anafufuta, anajambulanso. Anafufutanso.

Tsiku la komiti linafika mitambo itada kumapiri. Anthu atatu anakhala kumbuyo kwawo ndi zolembera, Dokotala Mvula pakati. A Soko analemba pasiwedi yawoyawo ndi zala ziwiri, poti chachiwiri chinali chitalowa ntchito posachedwa. Poyamba kamera inaonetsa denga, ndipo ophunzira anaphunzira za denga kwa kanthawi mpaka wina anawauza. Anakonza, anapepesa, anayamba.

Phunziro lili pakati, mvula inagwa. Maina a ophunzira anayamba kuzimirira pa laputopu limodzi ndi limodzi. Pa nthawi yomweyo panatulukira dzina latsopano, la Israel Njobvu, kupempha kulowa. Anali atachedwa theka la phunziro. Pansi pa dzinalo panali mabatani awiri, lolola ndi lokana.

Onse atatu a komiti anaphunzitsidwapo ndi a Soko, ndipo awiri mwa iwo anakhomeredwapo panja. Anasiya kulemba.

Chala cha a Soko chinaima m'mwamba. Kenako chinatsika bwinobwino.

"Lowani, a Njobvu. Mvula yakupezani kuti?"

"Ndili pansi pa mtengo, abambo. Pepani ndachedwa, ndimayenda kufuna netiweki."

"Musaime pansi pa mtengo kukung'anima. Bwererani kunyumba. Phunziro lonseli ndikutumizirani pa mawu, mumvetsere mukauma. Ndi ena onse amene mvula yawachotsa, muwauze chomwecho."

Anamaliza phunzirolo ndi ophunzira ochepa amene anatsala. Pomaliza anaiwala potsekera, mpaka Dokotala Mvula analoza ndi cholembera.

Komiti inawatulutsa panja kuti ikambirane. Anadikira pakhonde, madzi akudontha kuchokera pa malata, ngati mwana woyembekezera chilango. M'mene anawaitana, Dokotala Mvula sanazungulire.

"Mukadali ochedwa, abambo. Ena pano amati simungathe makalasi ambiri, ndipo sakunama. Tikupatsani imodzi. Ya chaka choyamba, ya akutali."

Kale a Soko akanafunsa ngati komitiyo ikudziwa kuti ikulankhula ndi ndani. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Iyamba liti?"

"Lolemba."

"Ndidzakhalapo."

Akuphunzitsabe mpaka lero, kalasi imodzi yomweyo. Makalasi ena aja sanabwerere, ndipo nyumba ija ikadali chete akafika madzulo. Sikuti zonse zinakoma. Koma m'mawa uliwonse pali anthu kwinakwake, pachulu kapena pakhonde la sukulu ya kumudzi, amene amadikira mawu awo.

Inu amene mukuwerenga, mwina dziko lasintha kantchito kanu musanakonzeke. Mwina amene ankakunyamulirani mbali ina ya katundu wapita, ndipo mwangozindikira tsopano kulemera kwake. Lirani, palibe akuletsani. Mukatha kulira, pitani mukagogode kwa amene akudziwa, ngakhale ali wamng'ono kwa inu, ndipo mukhale pa benchi imene akupatseni. Adzakusekani. Mudzaiwala, mudzataya ntchito ya tsiku lonse, mudzatenga chipewa. Chibwezeni pa msomali. Imvi si chifukwa chotayira mtima, choncho musautaye.