Kagalu Kosakula

Amuna anga anandituma galu wolondera, ndiyambe ndi kuvomera zimenezo. Tinali titakhala ku Nkhata Bay zaka zingapo, iwo akugwira ntchito ya boma, ndipo apusi anali atatitopetsa. Mapapaya ankathera mumtengo, nthochi ankadzatenga kukhitchini ine ndili pomwepo. Mwana wathu womaliza atapita kusukulu yogonera komweko, panalibenso wowathamangitsa.

"Mukapeze galu wa mawu, mayi," anatero bambowo. "Woti akauwa, pusi agwe mumtengo."

Wogulitsa usipa wina mumsika anandilozera kwa mayi woweta agalu kumtunda kwa Chikale. Ndinakwera chitunda chija thukuta lili kamukamu. Mayiyo atangotsegula geti, kumapazi kwanga kunagubudukira tinthu tinayi toyera, taubweya ngati thonje. Kamodzi kanaluma nsonga ya chitenje changa n'kuyamba kukoka mwaukali, timiyendo tikuterereka pasimenti. Ndinaseka mpaka kukhala pansi, mayi wa ana atatu ine, pakhomo pa eni.

"Ama, onani dankha make," anatero mayiyo m'Chichewa chake cha kunyanja. "Ine sindigulitsa munthu asanaone make." Anaitana, ndipo kunatulukira kagalu kosaposa mphaka, kali ndi kabelu m'khosi. "Msinkhu wake ndi womwewu. Iti sitikula, ama. Ngati mukufuna wa apusi, pitani kwina."

Ndinamva bwinobwino, sindinganame. Koma kanthu kaja kanali katagona kale m'manja mwanga, kamtima kake kakugunda pachala changa. Mayiyo anandipatsa kakhadi ka katemera, n'kundichenjeza za minga ya nsomba, n'kunditsanzika ndi "yewo" wautali. Ndinatsika chitunda ndikuimba, kagalu kali m'basiketi.

Kunyumba bambowo anasuzumira m'basiketimo nthawi yaitali. "Galu uja ndi ameneyu?"

"Ndi mwana, bambo. Akula."

Bodza linatuluka lokha, losalala. Ndinkaopa kuti akadziwa zoona andiuza kuti ndikabweze, ndipo kubweza sindikanatha.

Ndiye amuna anga akaigwira ntchito saigwira mwatheka. Anakhoma khola lamatabwa loti mbuzi ziwiri n'kugonamo motakasuka. Anagula unyolo wolemera kuposa galu mwiniwake. Loweruka lililonse ankakaimika pafelemu ya chitseko, pamene tinkayezera ana athu, n'kulemba mzere ndi pensulo. Miyezi yoyamba mizere inakwera pang'ono, ine n'kumapuma. Kenako inaima, mzere n'kumagwera pa mzere unzake.

Apusi nawo anapeza pokhala pabwino: padenga la khola lija. Ankadya mapapaya athu ali pamenepo, mlonda wathu akuuwa ndi kamawu kake kosatha kudzutsa ngakhale nkhuku, kenako n'kuthawira m'chitenje mwanga. Aneba akamadutsa ankafuula, "Mkango wanu wadzuka bwanji, ama?" Ine ndinalibe nazo. Ndinkakasambitsa m'beseni, kukapesa, kukafotokozera nkhani zonse za mumsika. Ndinali wosangalala ngati mtsikana, kupatula Loweruka, tsiku la pensulo.

Loweruka lina bambowo anagwada ndi pensulo yawo, nayang'ana mzere uja, nayang'ana galu. "Mayi, kapena ali ndi njoka zam'mimba? Timutengere kwa dokotala wa ziweto?"

Apa ndinalephera kupirira. Kuseka ndi kulira zinandibwerera pamodzi. "Bambo, ndinakunamizani. Sakula ameneyu. Make naye ndi chonchi. Koma chonde musandiuze kuti ndikabweze."

Anapachika pensulo kukhutu mosapupuluma. "Make wa kabelu uja? Ndinamuona."

Zoona zake, sabata yachiwiri anapita okha kwa mayi uja kukafunsa za katemera, ndipo mayiyo, monga mwa lamulo lake, anawaitanira make.

"Ndiye miyezi yonseyi mumandiseweretsa? Nanga khola?"

"Khola ndinali nditakhoma kale, mulowa nkhuku." Anakanda kagalu kaja kukhosi, osandiyang'ana. "Chichokereni mwana uja, m'nyumba muno munali zii. Inu munkangosesa posesa kale. Tsiku munabwera ndi kanthuka ndinakumvani mukuimba muli kumsewu. Ndikanabweza bwanji?"

Ndinawamenya paphewa ndi nsonga ya chitenje, misozi ili mbwembwembwe.

"Basi, gwirani mutu wake, asatibere msinkhu," anatero, akutsitsa pensulo.

Ndinagwada pambali pawo n'kukagwira. Analemba mzere pa mzere womwewo, pansi penipeni pa mizere ya ana athu atatu.