Phazi Langa mu Mchenga wa Gofu

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinadziwa bwinobwino ntchito ya bambo anga. Tinkakhala ku Kawale m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, titachoka ku Thyolo ndili wakhanda. Munthu akandifunsa kumene bambo ankagwira ntchito, ndinkayankha monyada kuti amagwira ku banka. Ambiri ankamva ngati ndati kubanki, ndipo ankayang'ana diresi langa lazigamba n'kungoti, "Oho." Sindinkawakonza, poti nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi.

Banka imene bambo ankanena inali dzenje la mchenga pa bwalo la gofu. Bwalolo linali la kalabu ya anthu opeza bwino, lotchingidwa ndi mpanda wawaya, ndipo munthu wamba sankalowamo mwachisawawa. Mkati mwake munali kapinga wobiriwira ngakhale mu Okutobala, mitengo ikuluikulu, ndi maenje a mchenga woyera amene anawakumba dala kuti azikola mipira ya osewera. Ntchito ya bambo inali kusalaza mchengawo ndi reki m'mawa uliwonse osewera asanafike. Ankayenda chafutambuyo akukoka reki, kuti pofika m'mphepete pasatsale ngakhale phazi lawo lomwe.

Pa tchuthi cha sukulu amayi anayamba kundituma kukapereka chakudya chamasana. Pa geti la antchito pankakhala mlonda, a Nyirenda, bambo wa ku Rumphi amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu ndipo anali ndi ana asanu. Obweretsa chakudya ankaloledwa kudutsa kanjira ka m'mbali mwa waya kukafika pa shedi ya antchito, basi. A Nyirenda ankandikumbutsa tsiku lililonse potsegula geti: "Esinati, njira ndi imeneyo. Usaponde pena paliponse."

Kunyumba, kukwecha mapoto inali ntchito yanga. Mchenga tinkatapa m'ngalande za mumsewu, wofiira, wosakanikirana ndi timiyala, ndipo unkakanda mapoto ndi zala zomwe. Ndiye tangoganizani mwana wa ntchito yoteroyo akudutsa tsiku ndi tsiku pafupi ndi dzenje lodzaza mchenga woyera, wosalala ngati ufa, umene palibe ankaugwiritsa ntchito ina iliyonse yanzeru. Kwa ine kunali kuwononga chabe.

Loweruka lina kunali mpikisano waukulu. Magalimoto anadzaza pamalo oimikapo, koma kumapeto kwa bwalo, kumene kanjira kanga kankadutsa, kunali zii. Ndinaika chakudya pansi, ndinavula mapatapata, n'kutsikira m'dzenje limene bambo anali atasalaza m'mawa. Mchengawo unali wofunda kumapazi. Ndinakumba pakati penipeni ndi chivindikiro cha kontena, pamene panali poyera kwambiri, mpaka jumbo yanga inadzaza. Panatsala kadzenje kakuya ngati bakuli. Jumboyo ndinaibisa m'tchire pafupi ndi waya kuti ndiitenge pobwerera, kenako ndinapita ku shedi kukadikira bambo. Mtima sunandigunde n'komwe.

Bambo atangofika kuti asambe m'manja, kapitawo wawo anabwera akuthamanga. "A Matiki, tiyeni msanga. Kwavuta."

Ndinawatsatira chapatali. Pa dzenje lija panali anthu angapo ataima ndi ndodo zawo za gofu, ndipo pakati pawo panali bambo wina wamtali, wachipewa choyera, thukuta lili kamukamu. Ndinamva pambuyo pake kuti ndi amene ankatsogola pa mpikisanowo. Mpira wawo unagwera mumchenga n'kugubudukira m'kadzenje kanga. Malamulo a masewerawa salola kusuntha mpira ndi dzanja, umaumenya pomwe wagwera. Anamenya katatu osatuluka, ndipo mpikisano unawathera pomwepo.

"Kodi ino ndi kalabu kapena dimba?" anafunsa bwanayo, akuloza mchenga ndi ndodo. "Wasalaza muno ndani?"

Kapitawo anali munthu wochenjera, ndipo ankawakonda bambo. Anawerama n'kuloza mapazi amene anali mbwee kuzungulira kadzenjeko. "Bwana, taonani, awa ndi mapazi a mwana. Ndi ana aja amalowera pawaya kudzatola mipira. Vuto si la osalaza, ndi la pageti. Mlonda uja Nyirenda tinamuchenjeza kale komaliza." Atatero anawayang'ana bambo, kudikira kuti angovomera ndi mutu.

Bambo anagwada m'mphepete mwa dzenjelo. Chala changa chachikulu cha phazi lamanzere chinapindikira kunja chibadwire, ndipo mumchenga wosalala chonchija chinkaoneka ngati chojambula. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu. Sanatembenuke kundifunafuna, ngakhale ankadziwa kuti ndili kuseri kwa mtengo.

"Ayi bwana," anatero. "Si ana a pawaya. Phazi ili ndi la mwana wanga. Amandibweretsera chakudya."

Kapitawo anagwira pakamwa n'kuyang'ana kumbali. Bwana uja anafunsa, "Dzina lanu ndani?" Bambo anatchula dzina lawo, ndipo bwanayo analibwereza pang'onopang'ono kuti asaliiwale. Bambo anali atagwira pabwalopo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo aka kanali koyamba kuti wosewera awafunse dzina.

Anthu atapitirira, bambo anandikodola. Anandifunsa kumene ndinaika mchengawo, ndipo ndinakautenga. Anandiuza kuti ndiuthire pomwe ndinautapa, kenako anandipatsa reki. Inali yolemera kuposa momwe inkaonekera. "Yambira pakati," anatero. "Uziyenda chobwerera. Usathamange." Ndinasalaza ndikulira, iwo ataima m'mphepete manja ali kumbuyo, mpaka mapazi onse anafufutika. Pamene tinkamaliza, kapitawo anabwera kuchokera ku ofesi n'kuwauza motsitsa mawu kuti akuluakulu agamula kuti Lolemba asabwerenso.

Tinatuluka pa geti la antchito dzuwa lili pamutu. A Nyirenda, amene sankadziwa kalikonse, anatiseka kuti lero taweruka msanga ngati mabwana. Bambo anawayankha bwinobwino n'kuwatsanzika. Titayenda pang'ono anakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, anatsegula kontena ija n'kuyamba kudya chakudya chozizira. Ine ndinaima poteropo kudikira mbama. Ndinkaifuna ndithu, chifukwa ikanandipepukitsa mumtima.

"Mchengawo umafuna wachiyani?" anafunsa.

"Wokwechera mapoto, ababa."

Anatafuna kaye, n'kumeza. "Kuseri kwa shedi kuli mulu wa mchenga womwewo, wakale umene timachotsa m'maenje. Aliyense amatapa. Ukanandifunsa, ndikanakutengera thumba lathunthu."

Ndinali nditakhala pa shedi ija masiku ambirimbiri, nditatsamira khoma, osazungulirako kuseri.

Kuchokera pamenepo bambo ankayenda ndi chikwakwa m'mayadi a anthu kufunafuna maganyu otchetcha kapinga. Tinasamukira ku Chinsapo m'nyumba ya chipinda chimodzi, ndipo mchimwene wanga anasiya sukulu chaka chimodzi. A Nyirenda anakhalabe pageti paja mpaka anapuma okha atakalamba. Sindikhulupirira kuti anamvapo zimene kapitawo ananena tsiku lija.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la tsikulo linali lakuti munthu azifunsa asanatenge chinthu, ndipo n'zoona ndithu. Koma tsopano ndili ndi ana anga, ndikudziwa tanthauzo la ntchito kwa munthu wolera banja m'tauni muno, ndimaona china. Bambo anapatsidwa bodza lophikaphika kale, losafuna n'kutsegula pakamwa komwe. Akanangogwedeza mutu, ife tikanapitiriza kudya, ana a nyumba yachitatu ija n'kugona ndi njala. Anaganizira zonsezo atagwada pamchenga paja, n'kusankha kuti cholakwa cha m'nyumba mwawo chigwere nyumba yawo yomwe. Anakhala ndi moyo zaka zina makumi awiri, ndipo nkhaniyi sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi.