Thonje Linamera M'denga la Galimoto

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha msana wa amalume. Iwo ankasenza mabelo a thonje pa siteshoni ya sitima ku Balaka, ndipo msana utawakana analumbira kuti mwana wa mlongo wawo sadzasenza belo. Ananditenga kwathu kwa Kalembo, kumene ndinkangodalira maganyu a m'minda, n'kukandisiya kwa mnzawo, Che Saidi, kalipentala yemwe anali ndi shedi kuseri kwa msika. Anali masiku a chipani chimodzi, ndiye funso loyamba la Che Saidi silinali la sukulu. "Khadi la chipani uli nalo?" Ndinawaonetsa. Anagwira manja anga, kuwatembenuza ngati akugula nsomba, nati ndibwere Lolemba.

Che Saidi anagwirapo ntchito ku Halale kokhoma matupi a mabasi, choncho sankangopanga zitseko ndi mipando. Anali munthu wosalankhulalankhula. Ukachita bwino ankangoti "Chambone," ndiye kuti zili bwino m'Chiyao chawo. Ine mawu amenewo ndinkawalakalaka koopsa, koma miyezi isanu inatha ndisanawamve. Ndinali wopupuluma, ndivomere, ndipo ndinkadziona wanzeru kuposa sowo imene ndinkagwira.

Mu Okutobala, Balaka akuwotcha monga mwa chizolowezi chake, panafika galimoto imene inasonkhanitsa anthu. Inali nyumba yoyenda, yakale ndithu: bedi kumbuyo, kabati, kasinki, mazenera a makatani. Mwini wake anali Che Yusufu, wogula nsomba zouma ku Chiuta, ndipo anaigula kwa mzungu wina woyeza misewu amene ankabwerera kwawo. Akapita kunyanja ankagonamo milungu iwiri kapena itatu pamodzi ndi mkazi wawo, Abiti Mdala, ndi mwana wawo Asiyatu, wa zaka zinayi, yemwe anali ndi mphumu.

"Masana muno ndi mu uvuni," anatero Che Yusufu. "M'mawa denga likudontha pomwe kunja kulibe mvula. Mwanayu akuvutika kupuma. Ndikonzereni chifukwa cha iyeyu."

Tinamasula hadibodi yakale, matabwa opyapyala aja a m'makoma ndi kudenga. Kuseri kwake kunali lata lokhalokha ndi timasanza towola. Che Saidi anandifotokozera kuti lata limachita thukuta: mpweya wa anthu ogona ukagunda lata lozizira umasanduka madzi. Ndondomeko yawo inali yosasintha. Upale dzimbiri ndi bulashi ya waya, upake penti yofiira, kenako phula pa livati iliyonse, timisomali tija tolumikiza malata. Wina akwere pamwamba ndi ndowa ya madzi, wina akhale m'kati kuyang'ana podontha. Ukatsimikiza kuti sipakudontha, ukhome timatabwa pa nthiti za galimoto, udule kelayiti ndi mpeni wakuthwa kuti ilowe mothina. Kelayiti ndi zoyera zopepuka zija zimabwera m'makatoni a mafiriji, sizimwa madzi ndipo siziwola. Pamwamba pake pulasitiki, hadibodi pomalizira.

Makoma tinamaliza bwino, denga la kutsogolo chimodzimodzi. Titafika pa zigawo zitatu zomaliza, pamwamba penipeni pa bedi, kelayiti inatha. Tsiku lomwelo kunabwera uthenga wa maliro a mchimwene wa Che Saidi ku Ngokwe. Akunyamuka anandiuza momveka bwino: "Usatseke. Ndikabwera ndikatenga ina ku Limbe."

Koma Che Yusufu ankabwera m'mawa uliwonse, kuzungulira galimoto, kudandaula kuti anzawo akumaliza nsomba. Tsiku lachitatu nzeru zanga zija zinadzuka. Kwathu mayi anali ndi matumba awiri a thonje limene analikana kumsika kuti ndi lakuda. Ife a kwa Kalembo thonje timalidziwa, timaliika m'mapilo, timatsekera nalo ming'alu. Ndinati kodi kelayiti ili ndi chiyani choposa thonje? Ndinabwereka njinga, kukatenga matumba onse awiri, n'kuyamba kufutsa m'denga ndi njere zake zomwe. Za phula ndi ndowa ndinazidumpha, poti kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Pulasitiki ndinaika, hadibodi ndinakhoma mooneka bwino, mitu ya misomali ili pa mzere.

Che Saidi atabwera anapeza galimoto yatsekedwa. Ndinawanamiza kuti kelayiti yotsala ndinaipeza kusitolo kwa mmwenye wina. Anagogoda denga ndi chala, kuyendetsa dzanja m'mphepete, nati, "Chambone." Abale, ndinakondwa! Sindingabise, tsiku limenelo ndinayenda ngati shedi ndi yanga.

Mvula inagwa, miyezi inadutsa, ine n'kuiwala. Mu Januwale, Lachiwiri lina m'mawa tikupala matabwa a chitseko, galimoto ija inaima pakhomo. Che Yusufu anatsika osapereka moni, chinthu chimene munthu wa msinkhu wawo sachita. Abiti Mdala anatsika pambuyo atabereka Asiyatu. Mwanayo anali atawonda, ndipo kupuma kwake kunkamveka ndili pa benchi, kulira ngati kawezulo.

"Che Saidi, lowani muone ntchito yanu."

Tinalowa. Fungo la nkhungu linatilandira pakhomo. Pamwamba pa bedi hadibodi inali itafufuma, yakuda bii, ndipo pamene matabwa awiri amakumana panali patatuluka timphukira toyera totumbuluka. Ine ndinatizindikira nthawi yomweyo, ndinakulira m'munda wa thonje. Madzi ankalowera m'malivati amene sindinapake phula, thonje n'kumwa, njere n'kumera.

Che Saidi anathyola kamodzi, kukayang'anitsitsa, nati motsitsa, "Kelayiti simera."

Kunja anthu anali atayamba kuunjikana, ndipo Che Yusufu analankhula kuti aliyense amve. Anati mwana wagonekedwa kuchipatala kawiri, anati anakhulupirira munthu wopemphera naye mzikiti umodzi, anati za ku Halale zija n'zabodza. Ndinkadikira kuti Che Saidi andiloze. Iyayi, sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Shedi ndi yanga, ntchito ndi yanga. Ndalakwa, Che Yusufu."

Pamenepo ndiye zinandikanika. Munthu wa imvi kunyozedwa pagulu chifukwa cha matumba a mayi anga! Ndinatuluka m'galimoto muja n'kunena zonse: kuti anandiletsa kutseka, kuti thonje ndinakatenga ndekha, kuti phula sindinapake, kuti ndinanama.

Ndinkaganiza kuti Che Yusufu andimenya, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Amene analankhula anali Abiti Mdala, mosakweza mawu. "Achimwene, masiku oyamba aja pamenepo ndi pamene pankazizira bwino kuposa ponse. Ndiye ine ndinkamugoneka pomwepo, nkhope kuyang'ana kudenga." Anakonza nsalu imene anaberekera mwana. "Ndimati ndikumuchitira zabwino."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa khofi. Ndinachita manyazi oti mpaka lero ndikawakumbukira ndimasiya kaye chimene ndikugwira.

Che Saidi sanandichotse ntchito, sanandikalipirenso. Anandipatsa hamala ndi tchizulo nati, "Unaika wekha, uchotsa wekha." Thonje linatuluka lolemera, lonunkha, lamadontho akuda, ndipo matumba awiri aja anadzaza wilibala kanayi. Ndinapala dzimbiri latsopano limene ndinayambitsa ndekha, ndinapaka penti, ndinapaka phula livati ndi livati iwo akuwerenga. Madzi tinathira ndowa zisanu ndi imodzi koma m'kati munali mouma gwa. M'mawa mwake Che Saidi anakwera sitima kukatenga kelayiti ku Limbe.

Tsiku lotseka anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anaitana Abiti Mdala kuti alowe m'galimoto. Chidutswa chilichonse cha kelayiti ndisanachilowetse, ndinkayamba ndawapatsa mayiwo. Iwo ankachitembenuza, kuchinunkhiza, n'kundibwezera. Kenako ankapisa dzanja m'denga kuti amve ngati mwauma, ndipo akagwedeza mutu m'pamene ndinkakhoma hadibodi. Zigawo zitatu zokha zinatitengera tsiku lonse. Pomaliza Che Saidi sananene kuti chambone, ndipo ine sindinayembekezere.

Ndinakhala nawo zaka zisanu ndi zinayi, kenako ndinatsegula shedi yanga. Ndakhoma masiling'i a nyumba, a masitolo, a magalimoto osawerengeka, ndipo lamulo langa ndi lomwe lija: sinditseka bodi mwini wake asanaone ndi kugwira za kuseri. Ena amanyinyirika kuti ndikuwatayitsa nthawi, ine ndimati pisani dzanja kaye, bambo.

Asiyatu anachira pang'onopang'ono, anakula, anakwatiwa ku Liwonde. Ndinakumana naye kamodzi pa depoti wina atandilozera kuti ndi mwana wa Che Yusufu uja, mayi wa ana atatu, ndipo anandipatsa moni mwaulemu poti sankadziwa kuti ndine yani. Tikulankhula anatsokomola pang'ono, n'kupepesa kuti ndi chifuwa chake cha kuyambira ali mwana. Mphumu anali nayo ndisanamudziwe, zimenezo ndikudziwa. Koma sindinathe kumuyang'ana kumaso.