Ndiwo Zopanda Mchere za Achimwene Anga

Ndinakhala nkhoswe ndisanakwatire, ndipo musaganize kuti anandisankha chifukwa cha nzeru. Masiku amenewo, nkhondo yaikulu yachiwiri itatha, amuna a pamtundu pathu anali atamwazikana: ena ku migodi ya ku Joni, ena ku minda ya fodya ya ku Halale, ena kumanda. Wamwamuna amene anatsala pakhomo ali ndi miyendo yonse iwiri ndinali ine. Ndinali nditangobwerako ku sukulu ya uphunzitsi, kumene ine ndi masamu tinakambirana mwamtendere n'kugwirizana kuti tisadzaonanenso. Amayi ankauza anthu kuti ndili pa tchuthi. Tchuthi chimenecho ndikadali nacho mpaka lero, koma dzina loti aphunzitsi linandikakamira, makamaka pakamwa pa anthu ofuna kundiseka.

Achimwene anga aakulu anakwatira kwa Kalembo, ndipo monga mwa mwambo anakamanga nyumba kwa akazi awo. Mwana woyamba atangoyamba kukwawa, iwo anakwera sitima pa Balaka kupita ku Joni, akuti akabwera posachedwa ndi bulangete. Mvula inagwa, inagwanso, anthu anatopa n'kuwerenga nyengo n'kuyamba kuwatchula kuti mtchona. Alamu anga anadikira. Ichi ndikuchinena poyambirira chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa. Anadikira, akulima okha, akufolera okha nyumba, ndipo mudzi wonse unali mboni, popeza m'mudzi mulibe chinthu chimene chimalondedwa mwakhama ngati mkazi wa mtchona.

Tsiku lobwera achimwene ndinapita kukawachingamira pa siteshoni ndi njinga yobwereka. Ndinkafunafuna munthu waphokoso, chifukwa achimwene amene ndinkawadziwa akaseka nkhuku zinkabalalika pabwalo, ndipo akamanong'oneza chinsinsi ankamveka kutsidya kwa dambo. Munthu amene anandikhudza paphewa anali wina. Anavala jekete yoyera, dzanja lamanzere analibisa kumbuyo ngati mmene achitira munthu amene waba chimanga chootcha, ndipo ankamwetulira aliyense, mpaka mbuzi imene inamangidwa pamtengo. Ndinayamba kuwalonjera monga tichitira, kuyambira amayi, kudutsa kwa azakhali, kukafika kwa odwala ndi omwalira. Iwo anamvetsera mutu uli chopendeketsa, kenako anati chapansipansi zikomo kwambiri, n'kuyang'ana wotchi.

Pa njira ndinamva kuti mumgodi sanalowemo. Anapeza ntchito m'hotela ya azungu, yoperekera zakudya pa tebulo, ndipo zaka zonsezo anakhala akuyenda monyang'ama pakati pa anthu akudya. Munthu sangachite zimenezo kwa nthawi yaitali n'kukhalabe mmene analili.

Masabata oyamba mudzi unasangalala nawo ngati gule waulere. Pofika pakhomo pa munthu sankati odi, ankagogoda, ndipo pamene panalibe chitseko ankagogoda mzati. Pamphasa sankatha kukhala. Mawondo anali ataiwala njira. Tikamadya, ankadzidzimuka atapezeka kuti aimirira kumbuyo kwathu, ndipo ukangopuma pang'ono kuti umeze, mbale inali itapita. Koma chachikulu chinali cha apongozi awo. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakumana maso. Akaonana pa njira, wina amalowa m'tchire, ndipo dziko limayenda bwino. Achimwene ataona apongozi akubwera, anaimirira, anawakokera mpando, n'kutambasula dzanja kuti awapatse moni. Mayi wachikulireyo anathawira m'munda wa nandolo ndi liwiro limene ana ake sankadziwa kuti akadali nalo. Zonsezi anthu anazikhululuka. Ankati munthu wafika thupi lokha, mutu ukubwera ndi sitima ya mawa.

Chimene sanakhululuke chinali mchere.

M'sutikesi mwa achimwene munali kabotolo kakang'ono kagalasi, kokhala ndi chivindikiro chobooledwa timabowo. Anakaika pa katebulo kamene anakhoma okha, n'kuuza akazi awo mwaulemu wonse kuti kuyambira tsiku limenelo asamathire mchere m'ndiwo zawo, azithira okha pakudya. Alamu anachita monga anauzidwira. Achimwene anandiuza pambuyo pake kuti anakondwa kuona mkazi womvetsa zinthu zachilendo mosavuta chotero.

Achinyamata a masiku ano, amene amathira mchere ngakhale pa mango, ayenera kufotokozeredwa. Kwathu mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina saloledwa kuthira mchere m'ndiwo za mwamuna wake. Akathira, mwamunayo amagwidwa tsempho: miyendo imatupa, masaya amatupa, chifuwa chimamugwira, ndipo akachedwa naye amapita. Kaya n'zoona kaya ayi, musandifunse ine, sukulu sindinamalize. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwamuna wochokera kutali akauza mkazi wake kuti asakhudze mchere, ndiye kuti wanena zonse zimene zinganenedwe, ndipo wazinena pamaso pa aliyense wolawa mumphikamo.

Woyamba kulawa anali mng'ono wawo wa alamu. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kuchitsime. Posakhalitsa alamu akafika pamenepo ndi mtsuko, amayi ankasiya kucheza n'kuyamba kuyang'ana mitambo. Ena anayamba kukumbukira zinthu zimene sanazionepo: wogula thonje wina amene anachedwa pakhomo paja, mphunzitsi wa katekisimu amene anapempha madzi akumwa. Zaka zonse zodikira zija zinasungunuka m'masabata ochepa. Achimwene osadziwa kanthu. Ankagwedeza kabotolo kawo pamwamba pa therere, n'kuyamikira akazi awo kuti aphika bwino.

Amene anabwera kwa ine anali amalume awo a alamu, eni mbumba, bambo wachisilamu amene ankapikula matemba ku Chiuta n'kumagulitsa pa Balaka. Iwo ankapemphera Lachisanu, ife Lamulungu, koma pa nkhani ya mchere tinali mpingo umodzi. Anatsamiritsa njinga yawo pa nkhokwe, amphaka a m'mudzi monse n'kusonkhana kudzailambira, ndipo anakana mpando.

"Aphunzitsi, paja ankhoswe ndinu?"

Ndinavomera, ngakhale ndinayamba ndayang'ana kumbuyo ngati pali wina.

"Kafunseni achimwene anuwo. Ngati anamva kanthu za mwana wathu, abwere adzatchule dzina la munthuyo. Ngati sanamve kanthu, sutikesi yawo ndi yabwino, ili ndi chogwirira."

Ndinawapeza achimwene akusita malaya ndi simbi yamakala. Ndinazungulira nkhaniyo monga ayenera kuchitira nkhoswe, kuyambira pa mvula, kudutsa pa thonje, mpaka ndinafika pa mchere. Sanamve. Anandifotokozera mofatsa kuti m'hotela muja wophika wamkulu ankati kuthira mchere wambiri n'kunyoza wakudya, chifukwa lilime la munthu aliyense lili ndi muyeso wake, ndipo iwo anafuna kuti akazi awo alemekezeke ngati wophika wa m'nyumba yapamwamba. Ndinangotchula liwu limodzi loti tsempho. Simbi inaima pamalaya mpaka tinamva fungo.

Achimwene anachotsa simbiyo pamalayapo. Kenako anayesa kudzipulumutsa, akuti zinthu zimenezo n'zakale, dokotala wa ku Joni angaseke atazimva.

"Achimwene," ndinatero, "alamu satunga madzi ndi dokotala wa ku Joni."

Anayang'ana bowo limene linapsa pamalaya. Anati, ndi mawu a pansipansi aja, "Ndinaiwala, mphwanga. Ndinaiwaliratu. Nanga iwo osandiuza bwanji?"

Yankho lake aliyense amalidziwa: mkazi amene akuganiziridwa sapita kwa mwamuna wake kukafunsa ngati akuganiziridwa.

Tinakumana m'mawa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya apongozi. Apongoziwo anakhala chofulatira, kuseri kwa mpanda waudzu, kumene ankamva zonse popanda kuonedwa. Ine ndinakonzekera mawu ambiri, ena mwa iwo aatali ndithu, ndipo ndinalankhula za kusiyana kwa mitundu ya anthu ndi kadyedwe kawo. Amalume anandimvetsera monga mmene munthu amamvetserera mvula ikugwa pa denga la mnzake. Achimwene anaimirira, dzanja kumbuyo, n'kupepesa kwa aliyense mmodzimmodzi. Anati sanamve kanthu, sanaganize kanthu, akazi awo ndi munthu wangwiro. Ine ndinkaona ngati tamaliza.

Alamu, amene anali asanalankhule chiyambire, anati iyayi.

"Mawuwa amveka pano, pansi pa mango. Kuchitsime sanamveke. Munandidetsa ndi mphika, abambo, ndiye mundiyeretse ndi mphika womwewo."

Zinagamulidwa motero. Alamu aphike, athire mchere ndi dzanja lawo anthu akuona, achimwene adye, kenako tidikire mwezi ufe ndi kubadwanso. Akapanda kutupa, akapanda kutsokomola, nkhani yatha ndipo banja lilipo. Zikapanda kutero, mkamwini abwerere kwawo ndipo dzina la alamu likhale mmene lakhaliramo.

Amalume anapereka matemba. Alamu anaphikira pabwalo, amayi a kuchitsime aja atabwera onse, aliyense akuti amangodutsa. Ndiwo zitatsala pang'ono kupsa, anatapa mchere dzanja lodzaza n'kuthira. Anayang'ana achimwene. Anatapanso dzanja lina. Palibe mwambo umene unalamula dzanja lachiwirilo. Limenelo linali lawolawo.

Ndaonapo anthu olimba mtima, ena anabwera ku nkhondo ndi mamendulo, koma sindinaonepo munthu akudya ngati mmene anadyera achimwene tsiku limenelo. Anakhala pamphasa, mawondo akulira, msana uli chilili. Anadya mosafulumira, osasiya ngakhale mutu wa katemba, misozi ikutsika mwadongosolo. Atamaliza anasamba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo amayi, zakoma." Alamu anawapatsa chikho cha madzi, osati chodzaza kwenikweni.

Ndiye kudikira kunayamba. Achimwene anavula nsapato ndi masokosi, zimene sankasiyana nazo, kuti akakolo awo azioneka kwa aliyense wofuna kuyendera. Ofuna anali ambiri. Anthu ankawapatsa moni akuyang'ana pansi, ndipo mayi wina wokalamba anafika powadina mwendo ndi chala ngati akugula mbatata. Iwo ankangomwetulira. Ndiyenera kuvomereza kuti pa ntchito yoonedwa ndi anthu popanda kudandaula, hotela inawaphunzitsa bwino.

Vuto linali nyengo. Unali mwezi wa chisanu, mphepo ya mwera ikuwomba, ndipo munthu amene mapazi ake akhala m'masokosi zaka zambiri sayenda chabe pa mame. Chimfine chinalowa m'mudzi. Ine ndinatsokomola, amalume anatsokomola, apongozi anatsokomola, amayi a kuchitsime ankatsokomola mopokezana. Munthu mmodzi yekha m'dziko lonse la Kalembo ndiye sankaloledwa, ndipo chinamugwira iyenso.

Ndinapita kukawaona m'mawa wina monga nkhoswe. Ndinawapeza pakhonde, maso ali psuu, milomo ataitseka mwamphamvu, mapewa akunjenjemera. Anandinong'oneza kuti woperekera zakudya satsokomola pafupi ndi tebulo, anazolowera kumeza, koma ichi chinali chitakula. Chapafupi pomwepo apongozi ankapeta mapira ndi anzawo awiri, makutu ali kuno. Ndinaganiza zowatengera kutchire, koma mwamuna woyesedwa akamazemba pakhomo m'mawa anthu amadziwa chimene akukabisa. Nzeru zanga zonse za ku sukulu ya uphunzitsi zinathera pamenepo.

Alamu anatuluka m'nyumba. Kuyambira tsiku la matemba lija anali asanalankhule ndi amuna awo mawu opitirira oti madzi ali kubafa. Anawayang'ana kamodzi. Anakokera mtondo pafupi ndi khonde, anathiramo chimanga, n'kunyamula munsi. Osatembenuka, ndi mawu oti timve ife atatu basi, anati:

"Tsokomolani, abambo. Muzitsata munsi."

Munsi unatsika, achimwene anatsokomola. Unatsikanso, anatsokomolanso. Poyamba ankaphonya, alamu n'kuyamba kuimba nyimbo yapamtondo mokweza kuti akwirire zotsalira, koma posachedwa anagwirizana ngati anthu amene akhala akuchita zimenezi moyo wawo wonse. Ine ndinathandizapo ndi chifuwa changa, chimene chinali chololedwa.

Mwezi umenewo alamu anasinja chimanga chochuluka moti amayi a kuchitsime anayamba kuwatchula monga chitsanzo polangiza ana awo aakazi. Mwezi watsopano utaoneka, amalume anabwera pa njinga yawo, anawerama, anayang'ana akakolo a achimwene mbali zonse, n'kunena kuti mwana wawo ndi woyera ndipo mkamwini akhale. Ponyamuka anapempha kaufa pang'ono, popeza kanali kataanikidwa pamphasa zonse za pakhomopo.