Ayambe a Jestina, Tione

Kwathu ku Bembeke chinthu chatsopano chikabwera, anthu sankachithamangira. Ankadikira kumva kuti a Jestina anena chiyani.

A Jestina analibe udindo uliwonse. Anali mlimi wa mbatatesi ndi kabichi, mkazi wa a Gerevazio amene ankakonza njinga pakhonde la nyumba yawo. Munda wawo unali m'mbali mwa njira yopita kutchalitchi, choncho aliyense wopita ku Misa ankauona, afune asafune. Mwina zinayambira pamenepo. Komanso anali munthu wosachita manyazi kunena kuti chinthu n'choipa. Ukawapatsa mandasi osapsa bwino ankakuuza pomwepo akuseka, kenako n'kutenganso lina.

Zipani za ndale zitachuluka, katundu naye anachuluka. Ogulitsa ankabwera pa njinga ndi pa matola, ena kuchokera ku Lilongwe, ena kuchokera kutsidya kwa malire. Ankabweretsa sopo wamitundumitundu, mafuta ophikira a m'zigubu, mabatire a wailesi, ndi mbewu za m'mapaketi olembedwa chilankhulo chimene palibe ankachidziwa. Mphakati wathu, mabanja oyandikana amene tinkakumana kupemphera Lachinayi lililonse, ndi umene unkaweruza zonsezi. Mapemphero akatha amayi ankatsalira n'kumapatsirana zinthuzo m'manja. Ankanunkhiza, ankafinya, ankafunsa kuti wogulitsayo ndi mwana wa yani. Sopo wina anakanidwa chifukwa pepala lake linali lachikasu ngati nsalu ya chipani china, poti masiku amenewo mtundu wa pepala unkatha kukudanitsa ndi alamu ako. Koma nkhani inkathera pamodzimodzi: "Ayambe a Jestina, tione."

Iwo ankatenga n'kukayesa. Sabata yotsatira ankabwera ndi yankho. "Sopo uja amasungunuka usanamalize n'komwe kuchapa chitenje. Musiyeni." Kapena, "Mabatire aja abambo kunyumba amvera mpira mpaka kutha. Gulani." Ogulitsa anazindikira, ndipo ena ankafunsa njira ya kwa a Jestina asanafike kumsika.

Kenako a Gerevazio anadwala. Anayamba n'kutsokomola, anaonda, ndipo njinga za anthu zinangokhala pakhonde mpaka eni ake ankabwera mwakachetechete kudzazitenga zosakonza. Anamwalira nyengo yozizira, chifunga chitaphimba mapiri onse. Chaka chisanathe, mwana wawo woyamba Magadalena, amene ankagwira ntchito ku Lilongwe, anthu anabwera naye pa galimoto atagona pa matiresi. Sanakhalitse. Zaka zimenezo maliro anali ochuluka, ndipo nyimbo za kumanda tinkaziimba pakamwa pokha, mawu ake osawamva. Pa maliro achiwiriwo a Jestina sanalire kwambiri. Anakhala pamphasa atatambalala, akuyang'ana zala za kumapazi kwawo.

Pambuyo pake ankachita zonse monga kale. Ankadzuka, ankalima, ankapita ku Misa. Ukawapatsa moni ankayankha bwinobwino. Kungoti tiyi ankatha kumwa kapu yonse osazindikira kuti sanathire shuga. Amayi anapitiriza kuwapatsa zinthu zoti akayese, ena poganiza kuti ziwaiwalitsa.

"Nanga mafuta aja?"

"Ali bwino."

"Machesi aja nanga?"

"Ali bwino."

Chilichonse chinali bwino, ndipo ife tinkangolandira yankholo chifukwa tinali titalizolowera.

Ndi nthawi imeneyo pamene kunabwera a Gibson, bambo wina wogulitsa mbewu ya mbatatesi. Inali yoyera, ikuluikulu, yosiyana ndi yofiira ing'onoing'ono imene tinkadzala kuyambira kale. Ankati imacha msanga ndipo a tchipisi m'tauni amailimbirana. Ku mphakati anawamvetsera mwaulemu koma palibe anagula. Madzulo a tsiku lomwelo anafika kwa a Jestina n'kutsitsa thumba pakhonde.

"Mayi, mungoyesa. Sindikufuna kanthu."

"Siyani pamenepo," anatero a Jestina.

Thumbalo linakhala pakhondepo mpaka mbatatesi zinayamba kutulutsa maso, mphukira zikuboola ulusi. Mizere inali yokonza kale, ndipo mbewu yawo yakale anali ataphikira anthu a pamaliro. Tsiku lina m'mawa ananyamula thumbalo n'kukadzala. Sanaganizepo chilichonse. Kunali kungochotsa chinthu pakhonde.

Mbewuyo inamera mochititsa kaso. Masamba anali obiriwira bii, maluwa mbee munda wonse, ndipo Lamulungu anthu ankachepetsa liwiro akafika pamenepo. Pokolola, mbatatesi imodzi inkadzaza chikhatho. A Gibson anazungulira midzi yonse mpaka ku Kabwazi ndi mawu amodzi okha, akuti a Jestina adzala.

Amayi a mumphakati anatuma a Falesi, mnzawo wa a Jestina kuyambira ali atsikana, kuti akafunse. Anawapeza akusankha nyemba m'lichero. A Falesi anali atazolowera kuwaitana kuti amake Magadalena, ndipo tsopano sankadziwa kuti aziwaitana bwanji.

"Anzanga, mbewu ija mwaiona bwanji?"

"Yamera."

"Ndiye tigule?"

"Kaya. Mukafuna."

A Falesi anabwerera n'kukanena kuti sanakane. Zinakwanira. Pafupifupi mphakati wonse unadzala mbewu yoyerayo, ndipo ambiri anadya kapena kugulitsa yofiira imene ankasunga.

Nyengo yotsatira mbewu zinamera bwino monga poyamba. Kenako zinayamba kufota masana, dothi lili lonyowa. Poyamba phando limodzi apa, lina apo, kenako mizere yathunthu. Ukakumba mbatatesi n'kuidula, mkati munkatuluka zoyera ngati mafinya, ndipo fungo lake linkakutsata mpaka kunyumba. Alangizi a zaulimi atabwera anati matendawo alowa m'dothi, ndipo m'minda imeneyo musadzalidwenso mbatatesi kwa zaka zingapo. A Gibson sanaonekenso. Ena ankati anathawa, ena ankati nawonso munda wawo unawola ndipo sankadziwa kanthu.

Lachinayi limenelo mapemphero anali aafupi. Atatha, palibe anadzuka. Mayi wina wa ana ambiri, amene anadzala munda wake wonse, ndiye anayamba, ndipo sanakweze mawu.

"Ife tinatsata inu, a Jestina."

A Jestina anawayang'ana ngati akufuna kukumbukira dzina lawo.

"Ine sindinaiyese. Ndinangodzala."

"Nanga bwanji simunatiuze?"

"Sindikudziwa. Inali pakhonde."

Tinadikira kuti apitirize, kapena alire, kapena akalipe monga akanachitira kale. Anangokhala, manja ali pamiyendo. Mkwiyo umene anthu anabwera nawo unasowa pogwira. Wina anatsokomola. A Falesi anapinda chitenje chimene anakhalira n'kunena kuti kunja kukuzizira, tiyeni tizipita. Tinabalalika aliyense njira yake.

Chaka chimenecho chinali chovuta, koma tinadutsa ndi chimanga ndi nyemba. Amuna ena anapalasa njinga mpaka ku Mphunzi kukapempha mbewu yofiira kwa abale. Kuyambira pamenepo chinthu chatsopano chikabwera, mabanja angapo ankachiyesa padera, aliyense pa kamzere kake kumapeto kwa munda, ndipo ankadikira nyengo ziwiri. Palibe anakhala pansi kupanga lamulo limeneli. Zinangoyamba kuchitika. Palibenso anauza a Jestina kuti asiye. Zinthu zikamazungulira m'manja, zikafika pa iwo ankangopatsira wotsatira.

M'munda wa m'mbali mwa njira uja anadzala nsawawa. Anthu ankawapatsabe moni, nawo ankayankha. Mayi wa ana ambiri uja anakhala nthawi osawayankhula, koma mwamuna wake atamwalira a Jestina anapita kukatunga madzi pamaliropo, ndipo anayambanso kupatsana moni popanda kukambirana chilichonse.

Zaka za m'ma 1990 zikupita kumapeto, mwana wa a Jestina wamwamuna, Timoteyo, amene ankaphunzitsa ku Kabwazi, anabwera kudzawatenga. Anati sangamakhale okha m'nyumba yaikulu chotero. A Falesi anathandiza kumanga katundu, ndipo sanali wambiri: zovala, mapoto, mtanda wa pakhoma, ndi bokosi la masipanala limene Timoteyo anati alisiye koma a Jestina analinyamula okha.

"Mukufuna kupita?" anafunsa a Falesi ali awiri m'nyumba.

"Akuti kumeneko kuli chipinda."

Galimoto imene Timoteyo anabwera nayo inali itaima kumsewu chifukwa njira inali ndi matope. Anayenda wapansi mpaka kumeneko, Timoteyo patsogolo, a Jestina pambuyo. A Falesi anatseka chitseko n'kupita ndi kiyi kwawo. Patapita miyezi ingapo m'nyumbamo munalowa namwino wina wa kumishoni ndi ana ake.