Jussara Anakana Bokosi Limodzi

Jussara Pimentel anakulira ku São José dos Campos, m'nyumba yomwe mawindo ake ankanjenjemera ndege ikamadutsa. Bambo ake ankakonza magetsi a mabasi, ndipo iye anadziwa kusenda waya asanadziwe kuluka tsitsi. Atamaliza maphunziro a uinjiniya analowa pakampani yaing'ono yomwe nanenso ndinkagwirako ntchito. Tinkapanga ndege yoyendera magetsi, yonyamuka molunjika kumwamba osathamanga kaye pabwalo.

Udindo wake unali mabatire. Anawagawa m'mabokosi anayi, lililonse ndi mawaya ake, kuti limodzi likatentha n'kuzima, enawo atsitse ndegeyo bwinobwino. Koma mabokosi anayiwo ankalemera.

Chionetsero cha ndegeyo kwa alendo ofuna kuikamo ndalama chitayandikira, bwana wathu, a Otávio, anamupeza akumwa khofi.

"Mayi Jussara, ndege yanuyi yanenepa ngati nkhumba ya Khirisimasi. Phatikizani mabatirewa akhale bokosi limodzi, tiuluke mtunda wooneka."

"Nanga bokosi limodzilo likazima m'mwamba, bwana, mudzatsika n'kukankha?"

Ife tinaseka, a Otávio ayi. "Alendo akubwera kudzaona ndege ikuuluka, osati mawaya anu."

"Ndiye sainani nokha. Langa dzanja silifikapo."

Anamuchotsa pagulu lathu n'kumukankhira kuchipinda choyesera mawaya. Iye ankabwerabe m'mawa uliwonse atadzola milomo yofiira, n'kumapereka moni mokweza kwa aliyense, a Otávio omwe. Bwanayo anayesa kunyengerera mainjiniya ena kuti avomereze bokosi limodzilo, koma palibe anasaina. Woyendetsa ndege, Genivaldo, anangoti, "Chimene wakana Jussara, ine sindikwera."

Motero ndegeyo inauluka ndi mabokosi ake anayi. Inakwera, inazungulira dambo la ng'ombe lapafupi, n'kutera msanga. Alendo anaomba m'manja mwaulemu chabe, ndipo sanabwerenso. Mwezi usanathe, Jussara anachotsedwa ntchito.

Ndinamuperekeza kugeti nditamunyamulira katoni ya katundu wake.

"Achemwali, mukanangofewako pang'ono," ndinatero.

"Wofewa ndi buledi," anandiyankha. "Mnzathu Genivaldo wapita kwawo ndi miyendo yake. Bweretsa katoniyo, basi yanga ndi iyo."

Ndinamuona pawindo la basi akupukuta m'maso, koma mutu sanaweramitse.

Lero amaphunzitsa pasukulu ya zaumisiri ku Taubaté, ndipo ophunzira amati ndi wovuta. Makampani ena a ndege amuitanapo. Amayamba wawafunsa kuti mawu omaliza pa mabatire adzakhala a ndani, ndipo mpaka pano palibe wamupatsa yankho lomukhutiritsa.